Amene Ankagogoda M'chigwa

Ndilemba zimene ndikudziwa, ndipo pamene sindikudziwa ndivomera poyera. Ndine mphunzitsi wa sayansi. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikudzudzula ana a eni pa mlandu umodzi, wonena chinthu chimene sanachione ngati kuti anachiona. Choncho asapezeke woganiza kuti nkhaniyi ndaithira mchere. Zina ndinazimva ndi makutu angawa. Zina anandiuza kapitawo wa gulu limene mng'ono wanga ankagwiramo ntchito, bambo wosalawa mowa ndiponso wosadziwa kupeka nkhani. Zotsalazo ndinazimva kwa wantchito mnzawo amene onse ankangomutcha Khutu, chifukwa makina ochekera matabwa anamugonthetsa khutu la kumanzere. Awiri onsewa ali moyo. Mukadzakumana nawo muwafunse. Mwina sadzafuna kuyankha, koma sadzanena kuti ndawanamizira.

Mng'ono wanga ankagwira ntchito ku kampani ina yodula mitengo, koma iye sankadula. Gulu lake linkayenda patsogolo pa odulawo. Ankalowa m'nkhalango yowirira ya kumapiri, n'kumayeza kunenepa kwa mitengo ndi tepi, kulemba m'kabuku, ndi kupaka penti yofiira pa mtengo uliwonse woyenera kugwetsedwa. Analipo asanu. Ankayenda mondanda, aliyense mzere wake, motalikirana ndithu, ndipo m'nkhalango yotero munthu saona mnzake ngakhale ali pafupi. Foni sizigwira kumeneko. Ukakuwa, mawu amamezedwa ndi masamba ndi mkokomo wa mtsinje umene umayenda pansi pa chigwa. N'chifukwa chake kapitawo anakonza njira yakeyake yolankhulirana. Aliyense ankanyamula kankhwangwa, ndipo ankamenya thunthu la mtengo ndi kumsana kwa nkhwangwayo. Kugogoda kamodzi kunali kunena kuti, "Ndili pano." Kawiri kunali kuti, "Imani." Katatu kunali kuti, "Ndavulala, bwerani." Pa malamulo onse, lalikulu linali la katatuli. Wogogoda katatu sasiyidwa. Ukamva, umatula chitini cha penti ndi kabuku pomwepo, n'kuthamangira kumene kwamvekerako.

Linali lamulo labwino, ndipo ine ndemwe ndinaliyamikira nditalimva koyamba.

Antchito a m'nkhalango imeneyo anali ndi nkhani yawo imene akuti anaipeza kwa amene anawatsogolera. Ankati muli chinthu chonga nyani, koma choyenda chilili ngati munthu, chachitali kuposa chitseko, chaubweya wakuda wofiirira, manja ofika m'mawondo. Panalibe amene ankachitchula dzina. Ankangoti "Aneba," mwaulemu, monga mmene munthu amatchulira mnansi amene safuna kukangana naye.

Lamulungu lina masana ndinapita kukacheza kwa mng'ono wangayo. Nyumba yake inali ya zipinda ziwiri, ndipo theka la pabalaza linali la makina osokera a mkazi wake, alamu anga, amene ndi telala. Tsikulo ankasoka chigamba pa bondo la ovolosi ya mwamuna wawo.

"Achimwene, Aneba akupatsani moni," anatero mng'ono wanga akundithirira tiyi. "Akuti mudzawachezere, muwaphunzitseko sayansi."

"Iwe, munthu woti unapita kusukulu ungamalankhule zopepera zotero?"

"Sukulu yake iti? Ija munkandikwapulira masamu mpaka ndinathawa ija?"

Iye anaseka, koma alamu sanaseke. Anaimitsa makina, nati, "Alamu, musawalole awa kuti aisandutse nthabwala. Afunseni za Lachinayi."

Mng'ono wanga anakanda m'mutu. "Si nkhani yaikulu. M'mawa uliwonse tikalowa, akapitawo amagogoda kamodzi, ife n'kumayankha mmodzimmodzi mpaka tonse tikwane. Ndiye Lachinayi titakwana asanu, kunamvekanso kwina. Gu! Wachisanu ndi chimodzi."

"Phokoso limabwerera likagunda matanthwe," ndinatero. "Ngakhale ana a chaka choyamba amadziwa zimenezo."

"Limayamba ladikira kuti tonse timalize? Ndiye ndi laulemu bwanji phokoso lanulo."

"Nenani zonse," anatero alamu. "Za Lachisanu mukusiyira ndani?"

"Lachisanu kunamveka kawiri, tonse tinaima. Tinaima ngati zitsiru kwa mphindi khumi, aliyense akuyesa kuti mnzake ndiye walamula. Pofunsana madzulo, palibe amene anagogoda."

Alamu anandiyang'ana m'maso. "Inu amakumverani. Auzeni akapemphe kuti awasinthe, azikagwira ku makina ochekera. Malipiro ndi ochepa, koma ine ndisokera."

Ndinawayankha kwa nthawi yaitali. Ndinati mwamuna wamkulu sathawa ntchito chifukwa cha nthano. Ndinati nyama yaikulu chotero ikanakhalapo, wina akanapeza fupa lake, kapena mwana wake, kapena mtembo wake. Ndinati mantha ndi matenda opatsirana, ndipo mkazi wanzeru sawalowetsa m'nyumba. Alamu anaweramitsa mutu, makina n'kuyambanso kulira. Ndinatuluka m'nyumbamo ndili wokhutira ndi mmene ndinalankhulira. Chenjerani ndi kukhutira kwa mtundu umenewo. Munthu amene wapambana pa mtsutso amaiwala kufunsa ngati wanena zoona.

Panapita masiku asanu ndi anayi. Zimene zikutsatirazi ndi mawu a kapitawo.

Linali Lachiwiri, dzuwa lili pafupi kufika paliwombo, koma nkhungu inali isanachoke. M'nkhalango munali mbuu, madontho akugwa m'masamba ngati mvula yowaza. Mng'ono wanga anali kumapeto kwa mzere, mbali ya kuchigwa. Kapitawo akuti choyamba chimene anazindikira n'chakuti mbalame zinaleka kulira, zonse nthawi imodzi, ngati wina wazitsekera chitseko. Kenaka kunabwera fungo. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma ili linkanunkha. Linali fungo ngati la bulangete lonyowa limene lagonedwa ndi galu kwa mwezi wathunthu, losakanikirana ndi la zipatso zowola.

Ndiyeno kunamveka kugogoda. Gu! Gu! Gu! Kunachokera kumunsi, kumene kunalibe munthu wa gululo.

Mng'ono wanga ndiye anali pafupi. Kapitawo anamumva akugogoda kawiri, kuuza anzake kuti aime, kenaka tchire linathyoka akutsetsereka. Anachita zimene anaphunzitsidwa. Sanafunse kuti wavulalayo ndani, chifukwa lamulo silinkalola kufunsa.

Enawo anathamangira mbali yomweyo, ndipo anakumana pa chitini chake cha penti, chili chilili pa muzu, kabuku kali pamwamba pake. Kapitawo anawawerenga. Iye mwini, ndi anyamata awiri. Khutu anafika pambuyo, akuyenda ngati woledzera, milomo itauma. Anakwana anayi. Wachisanu ndiye anali atapita kukapulumutsa munthu, ndipo panalibe munthu wofunika kupulumutsidwa.

"Wagogoda katatu ndani?" anafunsa kapitawo.

Anyamata aja anayang'anana.

"Ndikufunsa! Wagogoda ndani?"

Khutu anakhala pansi m'matope. "Akapitawo, tsitsani mawu," anatero. "Ali pompano."

Zimene anaona Khutu anandiuza yekha, kawiri, pa nthawi zosiyana, ndipo sanasinthe liwu ndi limodzi lomwe. Poti khutu lake ndi limodzi, samva bwino kumene phokoso lachokera, choncho pothamanga anapatuka pang'ono. Anafika pa mtengo waukulu, n'kuona dzanja litagwira thunthu kuchokera kuseri. Dzanjalo linali pamwamba, poti iye sakanafikapo ngakhale atadumpha. Zala zinali zakuda, zazitali, zikhadabo zosweka ngati za munthu wokumba ndi manja. Kenaka kunasuzumira theka la nkhope. Diso linali limodzi, lonyowa, losaphethira. M'dzanja linalo munali chipika cha mtengo. Chinthucho chinamuyang'ana, ndipo osachotsa diso pa iye chinamenya thunthulo kamodzi kokha.

"Kamodzi, aphunzitsi," anatero Khutu. "Mukudziwa tanthauzo lake. Amandiuza kuti alipo."

Anamufunafuna mng'ono wanga mpaka kunayamba kuda, osamupeza. Uthenga unandipeza kusukulu m'mawa mwake ndili pa bolodi, ndipo pofika masana ndinali m'nkhalangomo, nditavala jombo zobwereka. Tinalipo khumi ndi awiri, kuphatikizapo apolisi awiri. Ine ndinalowa ndi mtima umodzi. Ndinkati mwana wa mayi anga wathyoka mwendo penapake, ndipo anthu amanthawa akutaya nthawi ndi zinyani za m'maloto. Ndinawauza zimenezo pamaso.

Tinkakuwa mpaka kusasa mawu. Tinkagogoda kamodzi, n'kumvetsera. Yankho linkabwera nthawi zonse, koma linali lamphamvu kwambiri, lolemera, loti ulimve m'chifuwa. Tsiku limenelo chakumadzulo kunamveka katatu. Anyamata awiri anathamangira komweko, ine ndili pambuyo pawo ndikukuwa kuti ndi iyeyo. Nkhungu inali itabwereranso. Wapatsogolo anangozindikira phazi laponda mphepo. Mnzake anamugwira kolala. Kugogodako kunawafikitsa pamphepete penipeni pa phompho, pamene tanthwe limatsika chilili mpaka m'chigwa. Akanapondanso kamodzi, tikanatola mitembo iwiri.

Pomwepo kapitawo anatisonkhanitsa. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene akudzula dzino lake lomwe.

"Lamulo lija latha," anatero. "Kuyambira pano, mukamva katatu, musasunthe. Chaphunzira chinenero chathu, ndipo chikutikola nacho ngati mbewa pa msampha. Ndataya mmodzi. Sinditayanso wina."

Ndinatsutsa, koma mosalimba. Ndinali nditaona ndi maso anga pamene panathera phazi la mnyamata uja.

Tsiku lachitatu, lomwe linali Lachinayi, apolisi anabwerera, ndipo enawo anapita kukafufuza kumtunda. Tinatsala atatu m'mphepete mwa chigwa: kapitawo, Khutu ndi ine. Tinali pamalo pamene mtsetse wake ndi woti munthu atha kutsika atagwira chingwe. Nthawi inali itapitirira 3 koloko. Mitambo inali itada bii, mphepo italeka. Pansi pankamveka mtsinje wokha.

Kenaka ndinamva. Go. Go. Go.

Sikunali ngati kwa dzulo lake. Kunali kofooka. Pakati pa kugogoda kwachiwiri ndi kwachitatu panali mpata wautali, ngati wa munthu amene akusonkhanitsa mphamvu kuti akweze mkono.

"Ameneyo ndi munthu," ndinatero.

"Dzulo munateronso," anatero kapitawo monong'ona.

"Mvetserani bwino. Chimenecho ndi chitsulo. Ndi nkhwangwa imeneyo."

"Mwina."

Ndinakunga manja pakamwa n'kukuwira m'chigwamo. "Iwe! Ndine! Ngati ukundimva, gogoda kasanu!"

Kunali zii. Tinadikira. Madontho ankagwa pa chipewa cha Khutu.

Go. Go. Go.

"Mwaona?" anatero kapitawo. "Chimangodziwa zimene tinachiphunzitsa."

"Sakundimva! Mtsinjewo ukusokosa!"

Ndisanamalize, kunamveka kwina, komweko pansi, pafupi ndi koyambako. Gu! Gu! Gu! Uku kunali kwamphamvu, kofulumira, mtengo wonse unkachita kulira. Kofooka kuja kunabweranso. Kwamphamvu kunatsatira. Ankasinthana. Anali awiri.

Khutu anandigwira mkono. "Aphunzitsi, kununkha."

Fungo lija linkakwera kuchokera m'chigwa.

Pano ndiyenera kunena zimene ndinachita, ndipo sindidzikometsera. Ndinalanda chingwe kwa kapitawo, n'kuchimanga pa mtengo. Iye sanandiletse. Anangoti, "Mukatsika, mutsika nokha. Ine ndili ndi ana anayi." Ndinayamba kutsika chafutambuyo. Matope ankaterera. Ndinatsika mwina mamita khumi, mpaka masamba ananditsekera kumwamba, anzanga osaonekanso. M'menemo munali mdima ngati dzuwa lalowa kale. Kugogoda konse kunaleka.

Ndinaima. Ndinamvetsera.

Kumunsi kwanga china chake chinkapuma. Pang'onopang'ono. Mozama. Sanali mapumidwe a munthu.

Nthambi inathyoka. Kenaka inanso, chapafupi.

Chinkakwera.

Sindinaone kanthu. Ndikubwereza, sindinaone kanthu. Koma ine amene ndinauza alamu anga kuti mantha ndi matenda, ndinakwera chingwecho ngati mwana wothawa galu. Ndinafika pamwamba zikhatho zitasupuka, jombo imodzi itatsala m'matope. Kapitawo anandikoka.

"Mawa," anatero. "Tibwera ndi anthu ambiri, ndi mfuti."

Mvula inayamba. Tikuchoka, kofooka kuja kunayambiranso kumbuyo kwathu. Go. Go. Go. Tinayenda osayang'anana. Kunatitsatira mpaka pamene mvula inakukwirira.

Inu amene mumakonda mawu akuti mawa, dziwani kuti mawa si lanu. Mvula imeneyo inagwa masiku awiri osapumira. Msewu wa malole unagumuka, ndipo sitinathe kufikako mpaka Lamulungu. Tinatsika anthu asanu ndi atatu, wapolisi mmodzi ali ndi mfuti. M'chigwamo mbalame zinkalira monga mwa masiku onse. Fungo kunalibe. Tinagogoda, ndipo sikunabwere yankho.

Malowo tinawapeza mosavuta. Anali pansi pa tanthwe lotulukira kunja ngati khonde, pamalo ouma, pamwamba ndithu pa pamene madzi osefukira anafika. Pambali pake panali mtengo. Nkhwangwa ya mng'ono wanga inali patsinde pa mtengowo, mpini uli ndi penti yofiira ya m'zala zake. Khungwa linali litaphwanyika pansi, potalika ngati pa bondo, pamene angafike munthu wogona chammbali. Panalinso jombo yake ya kumanja, yong'ambidwa ndi nkhwangwa kuyambira pamwamba mpaka pa chala, monga mmene munthu amachitira phazi likatupa. Choncho anali iyeyo. Anali wamoyo Lachinayi lija, ndipo ine ndinali pa chingwe pamwamba pake.

Koma panali zinanso. Pamene anagonapo panali poyalidwa masamba, mulu waukulu, othyoledwa ndi nthambi zake zomwe, zina zonenepa ngati mkono wanga, zopotokoledwa osati zodulidwa. Munthu wothyoka mwendo sangathyole zotero. Chakumutu kunali zipatso zakutchire zambiri, zina zolumidwa, zina zosakhudzidwa, za mtundu umene umabala pamwamba pa mitengo italiitali. Ndipo pa mtengo womwe uja, pamwamba penipeni, khungwa linali litaphwanyikanso. Ndinayeza ndi tepi ya kapitawo. Kuchokera pansi panali mamita atatu ndi theka.

Mwini wake panalibe. Panalibe magazi, panalibe fupa, panalibe mkukuluzi wosonyeza kuti anakwawa kapena anakokedwa.

Kapitawo anatuluka pansi pa tanthwelo n'kuyang'ana kumwamba. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anandiitana ndi dzanja.

"Aphunzitsi, mukupazindikira apo?"

Ndinapazindikira. Pamwamba pathu penipeni panali pamphepete paja pamene anyamata awiri anatsala pang'ono kugwa Lachitatu.

"Chinatibweretsa pamutu pa mng'ono wanu penipeni," anatero kapitawo. "Chinkadziwa kuti katatu kamabweretsa anthu. Nanga chinkatikola, kapena chinkatiitana?"

"Nanga iyeyo anagwa chifukwa cha ndani poyamba?" ndinafunsa.

Kapitawo anapukusa mutu. Khutu ndiye anayankha, akuyang'ana masamba aja. "Mwina Aneba ankangoyeserera mmene amachitira mwana akaphunzira mawu atsopano. Sankadziwa kuti munthu athamanga."

"Kapena ankaweta chakudya chake," anatero wapolisi, n'kulavula.

Tinafufuza chigwa chonsecho kwa masiku ena anayi, kutsika ndi mtsinje mpaka kumene umatulukira m'nkhalango. Sitinapezenso kanthu. Lipoti la kampani linati wantchito anagwa m'chigwa n'kukokoloka ndi madzi. Za masamba, zipatso ndi khungwa la pamwamba sanalembe, ndipo ine ndinasaina pansi pake monga mbale wake. Kapitawo anasiya ntchito mwezi womwewo. Ndikumva kuti magulu amene akuyenda m'nkhalangomo tsopano anawagulira mawailesi olankhulirana, ndipo aliyense wopezeka akumenya mtengo amachotsedwa ntchito, ngakhale kuti palibe bwana amene amanena chifukwa chake.

Ine ndazolowera kumaliza nkhani ndi chenjezo, ndipo ndayesa kulipeza chenjezo la nkhani iyi. Ndikanati musakhulupirire nthano, koma kusakhulupirira kwanga ndiko kunamubweza mng'ono wanga m'nkhalangomo. Ndikanati muzikhulupirira, koma kukhulupirira kwathu ndiko kunatichotsa pa chigwa iye akutiitana. Ngati chinthucho kulibe, ndiye kuti ndinathawa mphepo ndi nthambi zouma. Ngati chilipo, sindikudziwa chimene chinkakwerera kwa ine pa chingwe paja. Masiku ena ndimaganiza kuti chinkabwera kudzandipha. Masiku oipa kwambiri ndimaganiza kuti chinkabwera kudzandilondolera njira.

Ndinazengereza masabata atatu ndisanakawauze alamu zonse. Ankadziwa za lipoti zokha. Ndinawapeza masana ali pakhomo, akumeta ulusi pa diresi la kasitomala. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pa sitepe. Ndinafotokoza mwadongosolo, kuyambira Lachitatu mpaka Lamulungu, ndipo sindinabise za chingwe. Sanandidule mawu. Nditamaliza anaika sizasi pansi.

"Ndiye kuti munawamva, alamu."

"Ndinamumva."

"Ndipo munadziwa kuti ndi iwo."

"Mtima unadziwa."

"Mamita angati anatsala kuti muwafikire?"

"Sindinayeze."

"Inu? Mumayeza zonse."

Anali mamita makumi awiri ndi awiri. Ndinali nditayeza.

Sanalire. Ndikanakonda akanalira, kapena kunditukwana pamaso pa anthu odutsa. Anangopinda diresi lija bwinobwino, n'kuliika pamiyendo.

"Anzanga akuti ndivale zakuda," anatero. "Abale anu akuti tichite mwambo wamaliro ngakhale palibe thupi. Ndiye ndikufunseni inu ophunzira. Munthu wakufa amamuyalira masamba? Amamuthyolera zipatso?"

"Zimenezo zinali iye adakali moyo, alamu."

"Ndiye amene anawasamala masiku onsewo, ataona kuti abale awo sakubwera, anawasiya pomwepo?"

"Sindikudziwa."

"Munati panalibe mkukuluzi. Ndiye kuti anachita kunyamulidwa." Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munali chinthu choopsa kuposa chisoni. "Ananyamulidwa ali moyo kapena atafa?"

"Sindikudziwa, alamu."

"Ndiye musandiuze zovala zakuda. Mukadziwa, mudzabwere mudzandiuze."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Papita zaka zinayi tsopano, ndipo sindinabwerereko, chifukwa ndilibe chokawauza.